Chiang Mai: mzinda womwe kachisi ndi nyundo ya mmisiri zidakulira limodzi

Ukatuluka pachipata cha kummwera kwa mzinda wakale wa Chiang Mai, ku Thailand, n'kulowa mumsewu wa Wualai, chimayamba kukulonjera ndi phokoso. Go! go! go! Kanyundo kakugunda kachitsulo kuseri kwa mpanda, mwina pakhonde la nyumba, mwina pansi pa chisakasa cha pakachisi. Ukasuzumira upeza bambo ataweramira thabwa lopakidwa phula lakuda lokhuthala, ndipo paphulapo wamatapo siliva wopyapyala ngati lata. Kudzanja lamanzere ali ndi kachitsulo konga msomali wobuntha, kudzanja lamanja kanyundo. Akagogoda, silivayo amalowa m'phula osabooka. Akamaliza mbali imeneyo amatenthetsa phula, n'kumatula, n'kutembenuza, ndipo zomwe zimaoneka ngati timaenje kuseri zija zasanduka duwa lotukuka kumaso. Kenako amayambanso kugogoda kumasoko kuti mizere ioneke bwino. Mbale imodzi yaikulu imadya masabata.

Mbale yotereyi eni ake amaitcha salung, ndipo ntchito yake yakale n'kutengeramo madzi onunkhira opita nawo kukachisi. Apa ndiye pagona nkhani. Mlendo wongofika amaona ngati Chiang Mai ili ndi zinthu ziwiri zosiyana, akachisi oti ukajambule ndi msika woti ukagule zikumbutso. Koma ziwirizi zidamera pa tsinde limodzi, ndipo tsinde lake lili ndi chipembedzo, lilinso ndi nkhondo.

Chiang Mai ili kumpoto kwa dziko la Thailand, makilomita pafupifupi 700 kuchokera ku Bangkok, m'chigwa cha mtsinje wa Ping. Adaukhazikitsa ndi mfumu Mangrai m'chaka cha 1296 kuti ukhale likulu la ufumu wa Lan Na, dzina lomwe limatanthauza minda ya mpunga miliyoni. Dzina loti Chiang Mai limangotanthauza mzinda watsopano, ngakhale lero wapitirira zaka 700. Mangrai adaumanga wa ngodya zinayi, mbali iliyonse kutalika kwake kupitirira pang'ono kilomita imodzi ndi theka, n'kuuzinga ndi linga ndi ngalande ya madzi. Ngalandeyo ilipobe, galimoto zimangoizungulira usana ndi usiku, ndipo zipata monga Tha Phae kummawa ndi Chang Phueak kumpoto n'zomwe anthu amalondolerana nazo njira. Muyenera kudziwa kuti Lan Na sudali mbali ya Siam, dzina lakale la Thailand. Udali ufumu pawokha, wa chilankhulo chake chomwe amachitcha Kham Mueang, zilembo zake ndi kamangidwe kake. Udamezedwa ndi boma la ku Bangkok pang'onopang'ono, ndipo mfumu yake yomaliza, Kaew Nawarat, idamwalira mu 1939.

Chifukwa chiyani akachisi achuluka chotere?

Mumzindawu ndi m'madera ouzungulira muli akachisi oposa 300. M'kati mwa linga mokha, ukayenda mphindi zisanu wadutsa kachisi, nthawi zina awiri oyang'anizana. Munthu wozolowera tchalitchi angadabwe kuti kodi onsewa amadzaza bwanji. Koma wat, monga amatchulira kachisi, si nyumba yoti anthu azidzaza tsiku limodzi pa sabata. Ndi bwalo lokhala ndi nyumba zingapo, ndipo kale mudzi uliwonse kapena dera lililonse la mzinda linkafuna kukhala ndi lake, poti m'menemo ndi momwe anyamata ankaphunzira kuwerenga, momwe anthu ankakambirana za m'mudzi, ndi momwe mwambo wa maliro unkayendetsedwera.

Chibuda cha kuno ndi cha Theravada, chofanana ndi cha ku Sri Lanka, Myanmar, Laos ndi Cambodia. Pamtima pa moyo wa Mbuda wamba pali mawu awiri, tham bun, kutanthauza kudzikundikira zabwino. Chikhulupiriro chake n'chakuti chilichonse chomwe munthu wachita chimabala zipatso, m'moyo uno kapena akadzabadwanso, ndipo kupereka kwa amonke ndi kukachisi ndi munda wobereka kuposa yonse. Ukhozanso kupereka m'dzina la mayi ako omwe adamwalira kuti zabwinozo ziwapeze komwe ali. Tsono mfumu ikafuna kuonetsa kuti ndi yoyenera mpando, inkamanga kachisi. Wamalonda akalemera, ankalipira chitseko chosema kapena fano la Buddha. Mlimi wosauka ankabweretsa dengu loluka bwino, nsalu yomwe mkazi wake waomba, kapena mphamvu zake posenza njerwa. Chinthu chopita kukachisi sichipangidwa mwachisawawa, ndiye mmisiri ankayenera kutulutsa luso lake lonse. Kwa zaka mazana ambiri kachisi ndiye adali kasitomala wamkulu wa osema, osula, oomba nsalu ndi ojambula.

Mmisiri wotere m'chilankhulo cha kumpotoku amamutcha sala, ndipo ndi dzina laulemu. Ambiri mwa iwo luso adaliphunzirira pakachisi pomwepo ali amonke achinyamata, chifukwa ku Thailand umonke si wa moyo wonse. Mnyamata akhoza kuvala mkanjo wachikasu uja miyezi itatu kapena zaka khumi, kenako n'kuuvula, n'kukwatira, popanda womunena. Amatuluka akudziwa kuwerenga, mwinanso kusema.

Ukalowa pa Wat Phra Singh, kachisi yemwe adayamba kumangidwa mu 1345, zonsezi umaziona pamalo amodzi. Pali viharn, holo yomwe anthu wamba amalowa kukagwada ndi kumva chiphunzitso. Pali ubosot, nyumba yopatulika yomwe amadzozeramo amonke. Kumbuyo kuli chedi, chipilala chachikulu chosongoka chopanda khomo, chomwe m'kati mwake mumakhala zotsalira za Buddha kapena phulusa la mfumu. Ndiye pali kanyumba kena komwe alendo ambiri amangokadutsa, koma kwa ine ndi komwe kamanena zambiri: ho trai, nyumba ya mabuku. Pansi pake ndi pa njerwa, patali ndithu, ndipo kanyumba ka matabwa kali pamwamba. Chifukwa chake ndi chiswe ndi chinyontho. Mabuku ake adali a masamba a kanjedza, olembedwa pokanda ndi kachitsulo kenako n'kupaka mwaye kuti zilembo zioneke. Buku limodzi lotere linkafuna wokonza masamba, wolemba, woomba nsalu yokulungira ndi wopanga bokosi lopaka utomoni ndi golide. Anthu anayi adya pa buku limodzi. Mu holo yaing'ono ya Lai Kham, pakachisi yemweyo, zithunzi za pakhoma zimafotokoza nthano zachipembedzo, koma anthu ake avala ngati a ku Chiang Mai a m'zaka za m'ma 1800, amuna ali ndi mphini zakuda kuyambira m'chiuno mpaka m'mawondo.

Ufumu wa Lan Na udafika pachimake m'nthawi ya mfumu Tilokarat, m'zaka za m'ma 1400. Ndi nthawi yomwe chedi ya pa Wat Chedi Luang idamalizidwa, yotalika mamita pafupifupi 80, ndipo fano lotchuka la Emerald Buddha, lomwe lero lili ku Bangkok, lidakhalapo pamenepo kuyambira mu 1468. Mu 1477 amonke adasonkhana pa Wat Chet Yot kuunika malemba awo. Kenako zinthu zidayamba kutsika. Chivomezi cha mu 1545 chidagwetsa nsonga ya chedi ija, ndipo mpaka lero ili yoduka mutu. Mu 1558 mfumu Bayinnaung ya ku Burma (lero Myanmar) idalanda mzindawu, ndipo udakhala m'manja mwa Aburma zaka zoposa 200.

Ndiwo mudengu, anthu mumzinda

Aburma adathamangitsidwa mu 1775, pomwe Kawila wa ku Lampang adagwirizana ndi mfumu Taksin ya Siam. Koma nkhondo zidasiya mzinda uli bwinja. Anthu adathawa, ena adatengedwa, tchire lidamera m'akachisi, ndipo kwa zaka pafupifupi 20 Chiang Mai idali yopanda anthu oti n'kuwawerenga. Kawila adalowamonso mu 1796, ali ndi linga ndi akachisi koma wopanda omulimira ndi omumangira.

M'dera limeneli nthawi imeneyo malo sadali osowa. Chosowa chidali anthu. Choncho nkhondo zambiri sizinkamenyedwera nthaka, zinkamenyedwera manja. Kawila adatumiza magulu ankhondo kumpoto, kumadera a Shan, ku Kengtung ndi ku Mong Yawng (lero ku Myanmar), mpaka ku Sipsongpanna, komwe lero ndi kummwera kwa China, kukasamutsa midzi yathunthu, ina poinyengerera, ina pa mkondo. Nyengo imeneyi anthu a kumpotoku amaikumbukira ndi mawu akuti kep phak sai sa, kep kha sai mueang, kunena kuti thyola ndiwo uike mudengu, tola anthu uike mumzinda. Mwambi wake ndi wozuna m'kamwa, koma ukuimira mabanja oyenda wapansi m'mapiri kusiya manda a makolo awo.

Obwerawo sadawasakanize. Gulu lililonse adalipatsa malo ake, ndipo amisiri ambiri adawaika kunja kwa linga, cha kummwera, kuti azitumikira nyumba yachifumu. Osula siliva a ku Wualai makolo awo adachokera cha kumtsinje wa Salween. Pafupi pomwepo, ku Nantaram, kudakhala anthu a mtundu wa Tai Khoen ochokera ku Kengtung, akatswiri a ziwiya zopaka utomoni, moti mpaka lero ziwiya zimenezi ku Thailand amangozitcha khrueang khoen, katundu wa Akhoen. Gulu lililonse lidamanga kachisi wake, nthawi zambiri n'kumupatsa dzina la kwawo komwe lidachokera. Ichi ndi chifukwa chachiwiri chomwe akachisi adachulukira. Ena mwa iwo ndi chikumbutso cha mudzi womwe udasiyidwa kutali.

Ntchito ya Akhoen ija ndi yofuna mtima wautali kuposa ya siliva. Chiwiya chimayamba ngati kadengu kolukidwa ndi timizere ta nsungwi topyapyala kwambiri. Amachipaka utomoni wa mtengo wotchedwa rak, womwe umada bii ukakumana ndi mpweya, ndipo umayabwa zedi pakhungu la munthu wosauzolowera. Chodabwitsa n'chakuti suuma padzuwa, umafuna malo a chinyontho. Ukauma amaupala kuti usalale, n'kupakanso, n'kudikiranso, kangapo konse, mpaka dengu lija lasanduka mbale yosalala yopepuka yosalowa madzi. Ndiye amakanda maluwa ndi kachitsulo kosongoka n'kutikitamo utoto wofiira, kapena kumata golide wopyapyala woti ukapumira pafupi amauluka. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mlendo wofika ndi basi, wopatsidwa mphindi 20, amangoona munthu akupaka chinthu chakuda n'kumati palibe chikuchitika. Pamsika wausiku mupezanso mbale zonyezimira mofanana zotchipa kwambiri, za thabwa lopopera penti. Kusiyana kwake kumadziwika m'manja: ya nsungwi imapepuka ndipo ukaifinya pang'ono imavomera.

Maambulera a ku Bo Sang, mudzi wa kummawa kwa mzinda panjira ya ku San Kamphaeng, nkhani yake ndi yofewa. Anthu a kumeneko amasimba kuti mmonke wina wa m'mudzimo adakaona kapangidwe kake ku Burma n'kudzaphunzitsa anzake. Pepala lake, lotchedwa sa, limachokera ku khungwa la mtengo wa mtundu wa mabulosi. Amaliwiritsa ndi phulusa, kulisinja mpaka litafewa ngati phala, kulisungunula m'thanki ya madzi, kenako kuvuula ndi sefa yaikulu n'kuyanika. Nthiti za ambulera ndi za nsungwi, zomangidwa ndi ulusi. Poyamba ankapanga oti akapereke kwa amonke. Lero ambiri ndi okongoletsera mahotela, ndipo mu Januwale mudziwu umachita chikondwerero chake.

Osema mitengo a ku Ban Tawai, kummwera kwa mzinda, adakumana ndi vuto lina. Mtengo wa kuno ndi teak, womwe makampani a Angerezi adaudula kwambiri kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, njovu zikukoka zipika kupita nazo kumtsinje. Madzi osefukira atapha anthu ambiri kummwera kwa dzikoli mu 1988, boma lidaletsa kudula mitengo m'nkhalango zachilengedwe mu 1989. Osema adayamba kugwiritsa ntchito mitengo ina, monga ya mango, kapena matabwa a nyumba zakale zogumulidwa. Njovu nazo ntchito idazithera, ndipo zambiri zidathera m'misasa yosangalatsa alendo yomwe yazungulira Chiang Mai. Koma imeneyo ndi nkhani ina, yokhala ndi mikangano yakeyake.

Tibwerere ku Wualai. Kachisi wa osula siliva ndi Wat Sri Suphan, yemwe adakhazikitsidwa cha m'ma 1500. Kuyambira mu 2004 amisiri a m'deralo adayamba kukuta nyumba yake yodzozera amonke ndi zitsulo zogogoda, kunja ndi m'kati, denga ndi makoma. Alendo amaitcha kachisi wasiliva, ngakhale mbali yaikulu ndi aluminiyamu, siliva weniweni ali pa zinthu zopatulika zokha. Ena amaona ngati n'chinyengo. Ine ndimaona kuti amonke a pamenepo adaganiza patali. Ana a osula anali atayamba kuthawa nyundo kukafuna ntchito za m'maofesi, ndipo ntchito ya zaka zoposa khumi ngati imeneyi idapatsa akuluakulu chifukwa chophunzitsira achinyamata. Kachisi adabwerera pa udindo wake wakale wolemba amisiri ganyu.

Pakhomo la nyumba yomweyo pali chikwangwani choletsa amayi kulowa. Chomwecho chilinso pa kanyumba ka Inthakhin, chipilala choteteza mzinda chomwe chili pa Wat Chedi Luang. Eni ake amafotokoza kuti pansi pa nyumbazi padakwiriridwa zithumwa ndi zinthu zopatulika zomwe mphamvu yake ingaonongeke. Lamuloli silichokera m'chiphunzitso cha Buddha, ndi mwambo wa Lan Na, ndipo Athai eni ake amatsutsana nalo kapena kuliikira kumbuyo. Likuonetsa chinthu chomwe mlendo ayenera kuchizolowera msanga: Chibuda cha kuno chimakhala mwamtendere ndi mizimu ya malo. Pakhomo la banki ngakhale la sitolo ya mafoni mupeza kanyumba kakang'ono pamtengo, pali maluwa, lubani ndi botolo la chakumwa chofiira, zopereka kwa mzimu wa pamalopo. Mmishonale wa mpingo wa Presbyterian wa ku America, Daniel McGilvary, yemwe adafika mu 1867, adakumana ndi zonse ziwirizi, ndipo awiri mwa anthu oyamba kutembenuka adaphedwa mu 1869 molamulidwa ndi mfumu ya mzindawu.

Kumadzulo kwa mzinda kuli phiri la Doi Suthep, ndipo kachisi wa pamenepo, pamtunda wa mamita oposa 1,000, ndiye wolemekezeka kuposa onse. Mbiri yomwe amasimba imati fupa la Buddha adalikweza pamsana pa njovu yoyera n'kuisiya kuti iyende yokha. Idakwera phiri, n'kulira katatu, n'kufera pamalo pomwe adamanga chedi mu 1383. Njovuyo mukhoza kuikhulupirira kapena ayi, koma msewu wake ndi mbiri yolembedwa. Mu Novembala 1934 mmonke Khruba Siwichai adaitana anthu kuti alambule msewu wokwera phirilo. Adabwera anthu miyandamiyanda ndi makasu, mudzi uliwonse kutenga chigawo chake, osalipidwa, ndipo makilomita 11 adatha pofika mu Epulo 1935. Mphamvu ya tham bun ndi imeneyo. Akuluakulu a ku Bangkok sadakondwe ndi mmonke wokhala ndi chikoka chotere, ndipo adamuitanitsa kukamufunsa mafunso kangapo m'moyo wake. Chipilala chake chili m'tsinde mwa phiri, ndipo madalaivala ambiri amapereka ulemu podutsa. Pofika pamwamba pamatsala masitepe oposa 300, m'mbali mwake muli njoka ziwiri zazitali za nthano zotchedwa naga.

Khalidwe la pakachisi si lovuta kwa munthu woleredwa bwino. Nsapato zimatsala panja, mapewa ndi mawondo zikhale zobisika, ndipo ukakhala pansi upinde miyendo kuti mapazi asaloze fano kapena mmonke, poti kuno phazi ndi chiwalo chonyozeka pomwe mutu ndi wolemekezeka. Mayi sakhudza mmonke ndipo samupatsira chinthu m'manja, amachiika pansi kapena pa kansalu komwe mmonkeyo wayala. Amonke amasunga malamulo 227 ndipo sadya dzuwa likapendeka. M'mamawa amayenda opanda nsapato atanyamula mbale, anthu n'kumaikamo mpunga ndi ndiwo. Si kupemphetsa, ndipo mmonke sathokoza. Wopereka ndiye amagwada, popeza wapatsidwa mwayi wochita zabwino. Pa Wat Suan Dok ndi pa Wat Chedi Luang pamakhala nthawi yoti alendo acheze ndi amonke achinyamata ofuna kuphunzira Chingerezi, ndipo amayankha ngakhale mafunso ovuta. Za mafano a Buddha, Athai sanena kuti agula, amati abwereka, ndipo kutuluka nalo m'dziko kumafuna chilolezo cha nthambi ya boma yoona za luso ndi zinthu zakale.

Mu 2017 bungwe la UNESCO lidaika Chiang Mai m'gulu la mizinda yodziwika ndi luso la manja. Lero kasitomala wamkulu wa sala ndi mlendo, ndipo walira mvula walira matope. Ndalama za alendo n'zomwe zasunga nyundo za ku Wualai, koma mlendo amafuna chaching'ono, chotchipa, chokwana m'chikwama, ndiye m'misika mwadzaza tinjovu tofanana tochokera kufakitale. Chikondwerero cha Yi Peng, cha mwezi wathunthu wa mu Novembala, chidali cha tinyali ta dothi ndi nyali za pepala zopachika pakhomo. Tsopano chimadziwika ndi nyali zouluka zomwe alendo amagulira matikiti, zochuluka moti ndege zina zimasintha nthawi yonyamukira usiku umenewo.

Wochokera ku Lilongwe njira yodziwika ndi yodzera ku Addis Ababa kukatsikira ku Bangkok, kenako ndege ya ola limodzi ndi mphindi zochepa kapena sitima ya usiku wonse. Nyengo yabwino ndi ya Novembala mpaka Januwale, kukamazizira. Kuyambira Febuluwale mpaka Epulo moto wa m'minda ndi m'nkhalango umadzaza chigwa chonse ndi utsi, mpaka phiri la Doi Suthep limasowa ngakhale lili pamphuno, ndipo wa chifuwa asayerekeze. Pakati pa Epulo pamabwera Songkran, chaka chatsopano, pomwe m'mbali mwa ngalande ija mumasanduka bwalo lothirana madzi. Koma tsiku loyamba la chikondwererocho fano la Phra Singh limatulutsidwa m'kachisi wake n'kuyendetsedwa m'misewu, ndipo m'mbali mwa msewu mumaima agogo ovala nsalu zoomba pamanja, aliyense atafumbata salung yake, kudikira kuti liwadutse aliwaze madzi.